Phazi la Pansi pa Lichero

Dzuwa lisanafike pamutu Lachitatu limenelo, Mailesi anali atatunga madzi kawiri, atatsegulira mbuzi, atachapa nsanza za mwana wake Yunike, atakonola chimanga, ndiponso atamweta mtolo umodzi wa udzu wofolerera nyumba. Panatsala kupeta mphale, kuiviika, kuthyola nandolo ndi kuzira pakhonde. Amuna ake, a Gerishon, anali ku Joni chaka chachiwiri tsopano, ndiye za denga ndi za mbuzi zomwe zinali pamutu pake. Koma lichero silimaoneka.

"Abambo, lichero langa mwaliona?"

A Zefaniya anali pa mpando wawo wandalema, atadzikuta m'chijasi chakhaki, kaliwo wozima ali pakamwa.

"Lili pa ntchito ya boma, Kopolo."

"Boma lake liti?"

"Lavundikira umboni."

Mailesi anangopumira m'mwamba. Bambo akewo anagwira upolisi ku Limbe zaka makumi awiri ndi ziwiri, khumi zomalizirazo ali wofufuza milandu wosavala yunifolomu. Anabwerera kuno ku Nsambe, kwawo kwa akazi awo, nkhondo itangotha, ali ndi chipsera cha botolo pamwamba pa khutu, bondo lolira ngati chitseko, ndi sutikesi yachitsulo. Akazi awo atamwalira chaka cha njala chija, achibale sanawasudzule kuti azipita kwawo. Anati akhale, mbuzi zasiya kusowa chibwerere iwo. Mailesi bambo ake anamupatsa ukopolo ali ndi zaka khumi, ndipo mpaka pano anali asanamukweze.

Umboniwo unali wa mlandu wa a Edina, mayi aang'ono a Mailesi. Lolemba, anthu ali kumaliro kutsidya, dengu lathunthu la mbewu ya mbatatesi linasowa pansi pa nkhokwe yawo. A Zefaniya anapita, anagwada kuseri kwa nkhokweyo pamene chiperoni chinafewetsa dothi, anapeza phazi, analiyeza ndi bango, anasisita ndi zala mizere yake. Inali mizere ya tayala la galimoto. M'mudzi monse nsapato zamatayala anali nazo ndi munthu mmodzi, Laimoni, mkamwini wa a Edina, amene anabwera nazo kuchokera ku Halale. A Zefaniya anatchula dzinalo tsiku lomwelo. A Edina, amene chiyambire sankamufuna mkamwiniyo, anaitanitsa ankhoswe kuti akumane Lachisanu. Laimoni akapezeka wakuba, amupindira mkeka wake azipita, kusiya mkazi wake Stelia ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Mailesi anabereka mwana n'kupita kukatenga lichero lake. Mlandu sunali wake, iye amafuna kupeta basi. Koma atalivundukula, maso ake sanaime pa phazi limodzilo. Anatsata ena, ouma gwa m'dothi lofiira, kukafika pa mpanda wa nkhadze. Anali oyandikana ngati a munthu woyenda mosamala ndi katundu pamutu. Pa nkhadzepo panakodwa nkhata yamasamba a nthochi.

Analibwezera licherolo pamalo pake. Mphale anakapetera la kwa aneba.

Mwini mapaziwo anamudziwa, chifukwa kuchitsime amapita tsiku ndi tsiku. Kwa milungu iwiri Stelia ankabwera atavala nsapato za mwamuna wake, mapazi atatupa, ming'alu ikutuluka magazi, n'kuzivula akayandikira nyumba kuopa kusekedwa. Amayi onse a kuchitsime ankazidziwa zimenezi, koma a Edina sapita kuchitsime, ali ndi owatungira, ndipo pakamwa pawo palibe amene amafuna kupaputa.

Chinanso chimene Mailesi ankadziwa, ankachidziwa yekha.

M'sutikesi ija munali mabuku atatu a Chizungu, osiya bwana wina wapolisi pobwerera kwawo. Onse atatu ankanena za munthu mmodzi, wofufuza milandu wa mu mzinda wina ku Amereka, wa chipewa chogwera pamaso, wosaseka, womenyedwa ndi zigawenga masamba khumi aliwonse koma n'kudzuka, kusasa fumbi, kuyatsa fodya. A Zefaniya ankamutchula kuti mnzanga. Dzuwa likapendeka ankatsegula buku n'kumamasulira mokweza, Mailesi akusenda kapena akusoka.

"Kodi mnzanuyu sadya?" iye ankafunsa.

"Amamwa."

"Nanga amamuchapira ndani? Malaya amagazi tsiku lililonse."

"Kopolo, munthu akuthamangitsa wakupha, iwe ukufunsa za sopo?"

M'buku loyamba mnzawoyo anali mnyamata wothyola zitseko ndi phewa. M'lachiwiri imvi zinali zitayamba, nkhonya ankasankha poiponya, ndipo zambiri ankazipeza pokhala chete mpaka wolakwa atopa n'kulankhula yekha. Lachitatu a Zefaniya sankalitsegula. "Wolemba anali atatopa," ankatero. "Wamusandutsa nkhalamba yopumira pamasitepe."

Dzinja lapitalo mvula inadonthera pa sutikesiyo, buku lachiwiri n'kuchita nkhungu. Mailesi sukulu anailekera mu Sitandade 3, amayi ake atayamba kudwala, koma zilembo ankazidziwa, ndipo ankadziwanso tsamba lopanda zilembo. Tsiku lina akudutsa kumbuyo kwa mpando anaona bambo ake akuwerenga tsamba lakuda bii, osapunthwa ngakhale liwu limodzi. Kuyambira pamenepo anayamba kuchotsa zipika panjira ya kuchimbudzi, kuika kaliwo pamalo amodzi, kutchula dzina la mlendo mokweza akadali patali. Sananene kanthu. Munthu amene achibale anamusiya pamudzi chifukwa cha maso ake, umamuuza bwanji kuti masowo atha?

Masana onse a Lachitatulo Mailesi anazira pakhonde dothi likumugwa m'manja. Akakhala chete, Laimoni apita, mwana wa Stelia abadwa bambo ali kwina. Akalankhula pamaso pa ankhoswe, ndiye kuti wavula bambo ake pagulu. Akawauza kunyumba kuti mwalakwa, mmene amawadziwira, angowuma khosi n'kuyatsa kaliwo.

Lachinayi m'mawa sanapite ku udzu. Anavala chitenje chake chofiira, chija chooneka patali.

"Abambo, ndiphunzitseni ntchito yanu."

"Iwe? Si unati ndi ntchito ya anthu osowa polima?"

"Ndasintha maganizo. Tiyeni kuphazi kuja. Inu muzifunsa, ine ndiziyankha. Mundiyese ngati ndingathe."

A Zefaniya anavala chipewa mosafulumira, koma mapewa anali atawongoka. Mailesi anatsogola, mwana kumbuyo, akuyenda pang'onopang'ono kuti chofiiracho chisawatalikire.

Kuseri kwa nkhokwe madalawo anatsamira ndodo.

"Lamulo ndi limodzi. Unene zimene ukuona. Zimene ukuganiza usunge, n'zako."

"Ndamva."

"Mapazi alipo angati?"

"Asanu ndi awiri, kukafika pa nkhadze."

Nsidze za a Zefaniya zinagwedera pang'ono. Iwo ankadziwa limodzi.

"Atalikirana bwanji?"

Mailesi anayeza ndi mapazi ake, chidendene ku chala. "Pakati pake pakulowa phazi langa limodzi ndi theka."

"Laimoni ndi wamtali bwanji?"

"Amawerama polowa pakhomo panu."

"Hm. Chidendene?"

"Chikukwekwereza. Kumbuyo kwa phazi lililonse kuli kamzere, ngati nsapato imatsalira mwini wake atanyamula kale mwendo."

"Chinanso?"

"Pali nkhata. Yagwera pa nkhadze."

"Bwera nayo."

Anaitembenuza m'manja, anaifinya, anainunkhiza. Yunike anayamba kulira kumbuyo, Mailesi n'kumugwedeza, maso ali pa bambo ake.

"Munthu wa ku Halale uja sasenza pamutu, amanyamula paphewa kuti tione kuti anayenda," anatero a Zefaniya, ngati akulankhula ndi nkhatayo. "Uyu ndi wamfupi, wolemedwa, ndipo nsapato zikumukulira. Nsapato n'za Laimoni. Mapazi ali mkatimo si ake." Anatukula mutu. "Ndani amavala nsapato za mwamuna wake?"

"Munati ndinene zimene ndikuona basi."

"Ndikufunsa zimene unaona kuchitsime, Kopolo. Usandiyese mwana."

"Stelia. Mapazi anatupa."

Madalawo anafufuza ndi ndodo mwala wochirikiza nkhokwe n'kukhalapo. Bondo linalira.

"Nkhata iyi inali pomwepa Lolemba?"

"Inali pomwepa."

"Ndinaiponda?"

"Munailambalala pang'ono."

"Unadziwa liti?"

Funso limeneli Mailesi analiyembekezera miyezi isanu, koma linamupezabe ali wosakonzeka.

"Mu Febuluwale. Buku lachiwiri lija linachita nkhungu, abambo. Masamba khumi apakati ndi akuda, palibe chooneka. Inu mumawawerenga bwinobwino."

Mapewa a madalawo anayamba kugwedezeka, ndipo Mailesi anaopa kuti akulira, koma kunali kuseka, kuseka kwa m'mphuno kwa munthu wogwidwa.

"Ndipo ndinawerenga bwino, eti?"

"Kuposa kale. Mnzanu chaka chatha anamenya anthu atatu m'nyumba yamowa ija. Chaka chino wamenya asanu."

"Anawonjezera mphamvu," anatero, akupukuta maso ndi mkono wa chijasi. Atapuma anapitiriza, mawu atatsika. "Ukudziwa chili m'buku lachitatu? Wolemba uja sanatope, ndinakunamiza. Mnzanga wakalamba, manja akunjenjemera, koma safuna munthu adziwe. Agwira mnyamata wosalakwa. Pamene azindikira, mnyamatayo amunyonga kale. Ndinaliwerenga kamodzi ndili ku Limbe, ndinati awa ndi mabodza, munthu ngati uyu sangatero." Anaponya nkhata pansi. "Masiku atatu Laimoni akutchedwa wakuba pakamwa panga."

"Sizinafike pa chingwe, abambo. Mawa mungonena kuti mwapeza umboni watsopano. Si bodza. Za maso palibe adziwe, ine ndizikutsogolani monga kale."

A Zefaniya anangoti, "Dimba la Laimoni lili kuti? Tsogola."

Anawapeza onse awiri kumeneko, m'mbali mwa kamtsinje. Laimoni anali wopanda nsapato, akutunga madzi ndi chidebe. Stelia anakhala pa mzere, nsapato zija zili kumapazi. Mizere khumi ndi iwiri inali itathiriridwa, ndipo apo ndi apo timitu tobiriwira tinali titayamba kusuzumira.

Stelia atangoona chijasi anayamba kulira. Zonse zinatuluka pamodzi ndi misozi. Mbewuyo iye mwini anailima nawo chaka chatha. Anapempha kawiri, amayi ake n'kuyankha kuti mbewu yawo siilowa m'dimba la mlesi. Inali ikuphukira pansi pa nkhokwe, ina ikufota, dimba la a Edina lisanagawulidwe n'komwe. Anati abzale, zikamera akawauze. Ndiye mawu akuti wakuba atamveka, lilime linauma.

"Nanga iwe?" a Zefaniya anatembenukira kumene kumamveka chidebe. "Unalibe pakamwa?"

"Ndinati bola ndipite ine, madala," anatero Laimoni. "Mmene alilimu, amayi akamukalipira pagulu, zingachitike zina."

"Ndiye ukapita, dimba ili azithirira ndani? Mimba?" anadzudzula Mailesi. "Alamu, nzeru zanu munazisiya ku Halale?"

"Ndagwira akuba zaka makumi awiri," anatero a Zefaniya. "Onse ankakana zimene anachita. Wovomera zimene sanachite ndiwe woyamba, ndipo ndiwe chitsiru kuposa onsewo." Anatambasula dzanja, linasochera pang'ono mumlengalenga, Laimoni n'kulipeza. "Stelia, mwana wanga, mawa unene wekha. Amayi ako ndiwasamala ine. Anandilephera zaka makumi atatu."

Lachisanu ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mapichesi pabwalo pa a Edina, a kuchimuna mbali iyi, a kuchikazi mbali iyo. Anthu ena anabwera ngati odutsa koma osapitirira. Mailesi anakhala kumbuyo kwa bambo ake, akuyamwitsa.

"Nenani, a sajeni, tisachedwe," anatero a Edina. "Ena ali ndi ulendo wautali lero."

"Ulendo palibe, alamu. Mbatatesi zanu sizinabedwe, zili m'nthaka, ndipo zamera bwino kuposa mmene zikanamerera pansi pa nkhokwe. Stelia, lankhula."

Stelia analankhula atagwada mpaka anafika kumapeto. A Edina anatsegula pakamwa, anayang'ana mapazi otupa a mwana wawo, anatsekanso. Mwana kutapa kwa mayi ake, ankhoswe onse ankadziwa kuti si mlandu woitanira anthu. Mkwiyo wa a Edina unasowa kolowera, ndiye unatembenukira kwa a Zefaniya.

"Nanga si inu munati Laimoni? Munabwera pano ndi kabango kanu, mukuyeza, mukununkhiza ngati galu wa mlenje. Ine ndaitana anthu kuchoka kutali chifukwa cha inu!"

Mailesi anaweramira kutsogolo. Umboni watsopano, abambo, ananena mumtima. Mawu awiri okha.

A Zefaniya anadzuka, bondo linalira, anavula chipewa.

"Ndine ndinanena. Ndinapeza nsapato ndi zala, mwini phazi sindinamuone. Panali mapazi asanu ndi awiri, ine ndinapeza limodzi. Maso anga anatha, alamu, chaka chikukwana. Panopa ndikukuonani ngati chitsa chovala duku."

Wina anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa. A Edina sanaseke.

"Chaka?" anatero. "Ndiye tsiku lija munayamikira chitenje changa chatsopano?"

"Ndinamva fungo la sitolo."

"Chitsa ndinu, nkhalamba yabodza inu," anatero a Edina, koma mawu anathyoka pakati, ndipo anakokera duku kumaso. "Chaka chathunthu, osanena? Mukanagwera m'chitsime tikanamuuza chiyani malemu mkulu wanga?"

"Ndinali ndi Kopolo. Mlandu uwunso waupeza ndi iyeyu, ine ndangofunsa mafunso." Anatembenuka, akufufuza. "Laimoni, uli mbali iti?"

"Ndili pano, madala."

"Ndinakutcha wakuba pamudzi pamene unakwatira. Ndinalakwa. Pepa."

Laimoni anawomba m'manja katatu, mutu uli pansi. Nkhoswe ya kuchimuna inati mawu amveka, koma dzina loipitsidwa silitsukidwa ndi mawu okha, ndipo onse anavomera kuti pakhale nkhuku. A Edina anati mbatatesizo zikakhwima dengu lawo libwere lodzaza, ndipo Laimoni akawagawulirenso dimba lawo, aone ngati si mlesi. Anthu odutsa aja anapitiriza ulendo wawo.

Pobwerera a Zefaniya sanayende kumbuyo monga kale. Anaika dzanja paphewa pa mwana wawo, pafupi ndi mutu wa Yunike, anthu onse akuona.

"Ndinakupatsani njira yabwino," anatero Mailesi. Mawu anatuluka ngati akukalipa.

"Inali yabwino. Koma mawa wina akanabwera ndi mbuzi yosowa, ine n'kutchulanso dzina."

Zonse pamodzi, nkhaniyi inadya masiku awiri a udzu, ndipo Mailesi atabwererako anapeza amayi ena atamweta wabwino wonse wapafupi, iye n'kumakwera mpaka kuphiri. Lichero linapindika ndi chinyezi, silinapetenso bwino. A Edina anakhala milungu iwiri osamulankhula, ati chifukwa chobisa za maso, kenaka anayamba kutumiza chigumu kwa alamu awo. Anthu a milandu anachepa, ndipo ochepawo ankayamba afunsa ngati Mailesi alipo, zimene zinamudyera masana ambiri a ntchito.

Nkhuku anakapereka Loweruka. Pakhomo panali ziwiri zokha zazikulu, tambala wokalamba ndi thadzi lamawangamawanga. Mailesi atasankha imodzi, a Zefaniya anati aigwire kaye asanapite nayo. Anaisisita pamsana, anaipapasa kumimba, anaima.

"Kopolo, iyi ndi yoikira."

"Ndikudziwa."

"Tambala uja bwanji?"

"Munthu munamutcha wakuba, abambo. Tambala uja ndi mafupa okhaokha. Ndiponso Stelia afunika msuzi akachira."

Mailesi anaimanga miyendo ndi luzi, anaipanira m'khwapa, anatsika nayo njira ya kudimba. Dzira pakhomopo silinaonekenso mpaka mvula yoyamba.